Khoma la Chipinda cha Kumsewu

Leiden
14 Meyi 1932

Okondedwa achimwene a Harmen,

Kalata yanu ya ku Curaçao ndalandira, ndipo ndamva kuti ndisakhudze kanthu m'nyumba muno mpaka mudzabwere. Yafika mochedwa. Khoma linagwa Lachiwiri.

Kupapatiza kwa nyumba yathu mukukudziwa: ndikatambasula manja ndimatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Zenera lalikulu ndi limodzi lokha, la kuchipinda cha kumsewu, chimene amayi ankachikhoma kusungira alendo ndi maliro. Chimwalirire amayi, alendo abwera kawiri. Nthawi yonseyi abambo akhala akutsokomolera kuseri, m'kabedi kaja ka m'khoma kotsekeka ngati kabati, kumene dzuwa silifika.

Kwa a Terpstra ojambula mapulani a nyumba, kumene ndimakolopa, ndimawamva akuuza anzawo kuti nyumba izimvera wokhalamo, kuwala ndi mphepo zizidutsa kuchokera kumaso mpaka kuseri. Ndinajambula yathu papepala lokulungira tchizi. Linakhala m'thumba la epuloni milungu itatu chifukwa cha manyazi. Nditawaonetsa anaseka: "Iwe Sietske, zaka ziwiri uli duu, ukungotibera nzeru eti?" Kenako anatenga pensulo: khoma lolekanitsa chipinda cha kumsewu ndi kuseri lichoke, mtanda wachitsulo ugwire denga, chitseko chikhale chokankhira cham'mbali, penti yoyera ponseponse.

Azakhali a Geertrui anafika amisiri ali mkati mogumula.

"Mtsikana iwe wapenga? Nyumba isanduke chipatala? Odutsa pamsewu azimuona mlongo wanga ali gone pabedi? Nanga tsikulo likadzafika, bokosi mudzaliika pati?"

Mukundidziwa, achimwene, pamaso pa azakhali ndimangoyang'ana pansi. Koma ulendo uno ndinayankha: "Abambo sanamwalire, azakhali. Chipindachi chadikira maliro awo zaka zisanu, iwo ali mumdima. Ayambe agonamo ali moyo."

Abambo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. "Achemwali, mukafuna chipinda cha maliro kakonzeni kwanu. Wamkulu ndinu."

Chimodzi ndiulule. Kabati yaikulu ya amayi, imene mumati ndi yanu, inkatchinga theka la zenera. Pamasitepe siikanakwera, ndiye tinaitulutsira pazenera n'kuikoka ndi chingwe pambedza ya pamwamba pa nyumba mpaka kuchipinda chanu. Mwendo umodzi unathyoka. Za mwendowo pepani. Yadzaza chipinda chonse, moti mukadzabwera mudzasankhe nokha, kabati kapena bedi.

Za khoma sindipepesa, ndipo silibwereranso. Dokotala anabwera Lachisanu, anayamikira kuwalako, koma sanalonjeze kanthu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Abambo akupereka moni. Ali pazenera pano, dzuwa lili pamaondo, akukweza dzanja kwa aliyense wodutsa. Akuti mubwere mudzaone mmene nyumba yayerera, koma akuti chaka chino, osati chamawa.

Ine mlongo wanu,
Sietske