Bango la Padziwe Lathu Analidula

Amama, kodi mukukhala bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Chimanga chinachita bwino, fodya ayi. Chisankho chinadutsa, nsalu zachipani tinalandira, koma mjigo wathu uja unafa ndipo sanaukonzebe. Ine ndikuphunzitsabe sayansi kusekondale.

Dziwe lathu la njira ya ku Kazuni simungalizindikire. Mutangotisiya, anthu anadula bango lonse n'kuzula kakombo kuti azitunga mosavuta madzi othirira nazale za fodya. Paja munkandiuza kuti, "Uzitunga pafupi ndi bango, madzi ake ndi oyera." Kale ndikaika dontho la madzi amenewo pa maikulosikopu ya kusukulu, ndinkaona tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, tikusambira uku tikudya ndere. Tizilomboto timabisala m'mizu ya bango kuopa nsomba. Bango litatha, tizilomboto tinathera m'kamwa mwa nsomba, ndere n'kuchuluka. Madzi anasanduka obiriwira, onunkha.

Mpongozi wanu NyaGondwe anabereka mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Popeza mjigo kulibe, tinkatunga padziwe pomwepo. NyaGondwe madziwo ankawaphitsa, sindingamunamizire. Koma mwanayo atayamba kudya phala anatsegula m'mimba. Minibasi ya ku Boma inachedwa kudzaza, ndipo mwanayo anatisiya tili m'njira, ali pamiyendo pa mayi ake. Kuchipatala sananene kuti ndi madziwo. Inenso sindikudziwa.

Sindinalire, amama. Pamaliro ndinkangolandira anthu, "yewo, yewo chomene," ngati maliro a eni ake. Sabata yotsatira ndinabwerera m'kalasi. Ana akaweruka ndimatsala ndekha, ndimaika dontho la padziwe pagalasi n'kumayang'ana. Mulibe choyenda, ndi ndere yokhayokha. Ndimayang'anabe mpaka mlonda abwere kudzatseka. Ndikafika kunyumba NyaGondwe amandiikira chakudya, timadya, timagona. Sitikangana. Sitilankhulanso zambiri.

Ndapeza mizu ya bango kwa asibweni, alongo anu aja, ku Njakwa. Mvula ikayamba ndidzaibzala m'mbali mwa dziwe, ngakhale a fodya adandaule. Limeneli ndi lonjezo langa kwa inu.

Mwanayo tinamuika pambali panu. Simunamuonepo, choncho ndikuuzeni: sagona pokhapokha atagwira chala cha munthu. Muzimupatsa chanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Wongani