Chitseko cha Mayi Wamakala

Lolemba, 4 Malichi
Mlendo wathu wa chaka chino wafika. Mtsikana wosema, wochokera kutali, zikhatho zolimba ngati zanga. Ndampatsa chipinda cha kuseri, chodontha chija. Ntchito yake akuti anthu a m'dera lino abweretse zinthu zawo zowonongeka, iye azikonze n'kuziika pachionetsero. Adigiri, mwana wa mchemwali wanga amene amatilembera zopempha thandizo, akuti n'zapamwamba. Ine ndati tiona. Nyumba ya zaluso ino ndinaiyambitsa ndi sompho, ine wosaponda m'kalasi, wophunzira zilembo pojambula zikwangwani.

Lachinayi, 7 Malichi
Mipando yothyoka, wailesi zakufa, njinga yopanda unyolo. Mayi wamakala wasenza chitseko. Cha nyumba yake, chija anthu anachitema ndi zikwanje chaka chatha pofuna mwana wake. Ankati waba mbuzi. Anamukokera kumsika. Miyala, tayala, petulo. Mbuzi inabwera yokha m'mawa mwake.
Mayiyo wangoti, "Musachikonze. Chiimikeni basi."

Loweruka, 16 Malichi
Tatsegula chionetsero. Chitseko pakati pa holo, mabala onse poyera. Anthu amalowa akuseka, kufika pamenepo zii. Wabutchala anaima nthawi yaitali. Chikwanje chake n'chobenthuka pakati, chimasiya kamzere pafupa, aliyense wogula nyama amadziwa. Kamzere komweko kali pachitseko. Potuluka wandinong'oneza kuti ndichotse nkhunizo, ati imvi si chishango. Ndamuyankha kuti akalamule ntchentche za kubutchala kwake.

Lachitatu, 20 Malichi
Amumenya mlendo. Masanasana, panjira ya kumsika. Dzanja lamanja analiika pamwala n'kuliphwanya ndi njerwa. Dzanja la wosema. Oona analipo ambiri, koma aliyense akuti ankayang'ana kwina. Kuchipatala sanalire, wangofunsa ngati chitseko chidakali chilili.
M'chifuwa mwanga muli moto. Mlendo wanga, pakhomo panga.

Lachisanu, 22 Malichi
Msonkhano wa amisiri onse. Akweza manja kuti chitseko chichoke mu holo. Adigiri akuti, "Malume, mawa atiwotchera nyumba." Amantha, maburashi m'manja, mitima ya nkhuku. Ndamenya tebulo ndi ndodo mpaka chitini cha penti chagubuduka. Koma lamulo loti ambiri akanena zatha ndinaliika ndine. Sindingameze malovu anga. Chichoka mu holo.

Loweruka, 23 Malichi
Chachoka. Ndazula chitseko chathu chachitsulo cha kumaso, ndaikapo cha mayi uja. Mahinjesi atsopano, mlendo akundipatsira misomali ndi lamanzere. Tsopano chayang'ana msewu. Wopita kumsika achione, wobwerako achionenso. Wofuna kutilowera ayambe watema pomwe anatema kale.
Adigiri wagwira mutu, wanyamula kompyuta yake, wapita. Enanso amutsatira. Mayi wamakala wayala chiguduli pakhonde, akuti azigulitsira pompano.

Lamulungu, 24 Malichi
Abwera. Ndikuwaona pawindo. Gulu, Wabutchala patsogolo, chikwanje m'manja, wina ndi chigubu cha petulo. Dzuwa paliwombo. Mlendo wakana kuthawira kuseri. Sompho pamiyendo panga.
Aima. Mayiyo sanasunthe, akungolongedza makala m'timapepala. Ndamumva bwinobwino akuuza Wabutchala: "Tema, mwanawe. Malo ako ukuwadziwa."
 
Tsopano wina akugogoda. Ndi chala, pang'onopang'ono, ngati munthu.
Ndodo yanga ili kuti, ndikatsegule