Kompyuta Imazima Tikafika pa Masitepe

Aphungu,

Ndine kalipentala, ndipo ine ndi akazi anga takhala m'nyumba za lendi chikwatiranireni. Koma nyumba yathuyathu tili nayo. Ili m'kompyuta yakale imene imakhala pansi pa tebulo, pafupi ndi makina awo osokera. Ndaimanga kwa zaka zambiri ndi pulogalamu yojambulira nyumba, yoti umatha kuyendamo ngati ulidi m'katimo. Loweruka masana timakoka mipando, ine n'kugwira mausi, n'kulowa pakhomo. Timadutsa pabalaza pamene dzuwa linagona pansi osachokaponso, kukhitchini kumene mpope sudontha, mpaka kukhonde lakuseri kumene kuli mipando iwiri yoti sinaonepo msomali. Pena amandidzudzula: "Bambo ake, kabati iyi mwaikweza, mukufuna ndizichita kukwera pampando?" Ine n'kuitsitsa nthawi yomweyo.

Nyumba itakula, kompyuta inayamba kukoka miyendo. Alamu anga okonza mafoni analowa m'baiyosi, muja mumakhala malamulo a makinawo, n'kukweza liwiro la purosesa, ubongo wa kompyutayo, kuposa mmene anaipangira, magetsinso n'kuwonjezera pang'ono. Anati, "Alamu, bulu wanu uja tsopano ndi hatchi." Inathamangadi kwa zaka ndithu.

Vuto langa nali. Maso a akazi anga akuchita nkhungu, ndipo adokotala sanatilonjeze kanthu. Chaka chino ndamaliza chipinda cham'mwamba, chawo chosokeramo, cha mawindo mbali zitatu. Sanachionebe. Tikangoyamba kukwera masitepe, fani imalira ngati chigayo, chithunzi n'kuuma, kenako mdima. Masiku ena ndikadina batani imangoti pii pii, sikirini ili bii. Ikafuna kuyaka imadzuka itaiwala tsiku, n'kumanena chaka chimene ana athu anali asanayambe n'komwe sukulu, manambala a liwiro amene alamu anga anaikamo aja atafufutika. Ine ndinawaloweza, choncho ndimawabwezeramo, magetsi n'kuwonjezerako pang'ono kuti ilimbe mtima.

Sabata yatha inazima tili pakati pa masitepe. Akazi anga anati, "Musavutike, ingondiuzani mmene kumwambako kulili." Ndinayamba kufotokoza, koma sindinafike patali. Ndili ndi mantha, Aphungu. Sindikudziwa chimene chitsogole kuzima, makinawa kapena maso awo. Nditani?

L. W. M., wa m'nyumba ya lendi

*

Bambo,

Nyumba yanuyo ndailowa ndikuwerenga kalatayi, ndipo khonde lakuseri ndalisirira. Koma ndikuuzeni mosapsatira mawu. Kompyutayo ikataya manambala a alamu, imakhala yatula katundu amene akuilemera. Inu mumatola katunduyo n'kuisenzetsanso, n'kuikaponso mwala pamwamba. Siyani lero. Magetsi owonjezerawo amasanduka kutentha, ndipo makina okalamba sapirira zimene ankapirira ali atsopano. Kuthamanga sikufika.

Musanagwire sikuludiraiva, pulumutsani nyumba. Iyo siili m'purosesa, ili m'hadidisiki, mosungira mafayilo muja. Tsiku limene iyake, musatsegule pulogalamu: koperani mafayilo onse pafulashi, kenako paina. Ikakaniratu, alamu achotse hadidisikiyo akailumikize pakompyuta ina. Ukatswiri wawo uonekere pamenepo.

Mukatero, zulani chingwe chamagetsi pakhoma, mutsegule bokosilo. Muona kabatire kozungulira ngati batani la jekete. Kameneko n'kamene kamasunga tsiku ndi malamulo aja, ndipo kanu katha. Ikanipo katsopano, mulowe m'baiyosi, musankhe kubwezera zonse mmene zinachokera kufakitale.

Fumbi nalonso. Inu mumabwera ndi utuchi m'zovala, mayi amadula nsalu pomwepo, bokosi lili pansi. Ndikhoza kulumbira kuti fani yavala bulangete. Ipukuteni ndi kaburashi kouma, muiuzire mphepo, bokosilo mulikweze pamalo opita mphepo. Pakati pa purosesa ndi chitsulo choiziziritsa pamakhala phala lotuwa limene limauma ngati guluu wakale. Alamu apukute lakalelo, apake latsopano pang'ono chabe.

Kulira kwa pii pii kukapitirira, chotsani timatabwa ta memori, mubwezere kamodzikamodzi mukuyatsa, mpaka kolumala kadziulule. Ikamazimabe pamene ntchito yakula, kayikirani pawa sapulai, kabokosi kolowera magetsi kaja, ndipo mubwereke ina yoyesera. Yang'ananinso timigolo ting'onoting'ono tapabolodi lalikulu lolumikizirapo zipangizo zonse. Tikakhala totupa pamwamba kapena tochucha, makinawo akutsanzika, musalimbane nawo.

Tsono chinthu chimene chikondi chakuiwalitsani. Inu ndinu mmisiri, mumafuna mlendo alowere pakhomo ndi kuyamikira masitepe anu. M'nyumba yojambula mulibe lamulo lotero. Chepetsani mithunzi ndi zonyezimira mupulogalamumo, bisani zipinda zapansi, musunge chithunzi choyambira m'chipinda cham'mwambamo. Makina apepukidwa, ndipo mayi akangokhala pampando apezeka afika kale.

Chenjezo langa ndi ili. Pawa sapulai musaitsegule m'kati ngakhale mwazula chingwe, imasunga magetsi oti n'kukugwetsani. Ndipo musadikire kuti zonsezi zitheke, kapena kuti mukonze kaye mtundu wa makatani. Ngati kompyuta yanu ikhale isanachire pofika Loweruka, tengani fulashiyo ndi akazi anu, mupite kulikonse kumene kuli makina otsegula pulogalamuyo, muwakhazike pafupi ndi sikirini, muikuze mpaka mawindowo adzaze maso awo. Musafotokoze kanthu. Asiyeni ayang'ane mpaka akhute, pakuti chimene aone tsiku limenelo nkhungu siingawalande.

Aphungu