Gulo wa Etta ndi Ziwala za ku Barking

Barking, London
21 Seputembala 2024

Okondedwa achemwali a Rabecca,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi onse ku Balaka. Ife kuno tilipo, koma mutu wanga suli m'malo. Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho timayankhulana pa foni Lamlungu lililonse. Nkhani iyi ndikati ndiyiyambe pa foni, ndimangopezeka ndikukamba za nyengo. Ndiye ndati bola pepala, silindiyang'ana kumaso.

Nkhani yake ndi ya gulo. Musaseke, achemwali, ndikukuonani. Gulo yemwe uja wogwedeza mutu pamtengo, amene tinkamugenda tili ana, kuno amagulitsa m'sitolo, ndipo mwana wanu Etta ali naye m'bokosi lagalasi lokhala ndi getsi loti aziwotha. Wakeyu ndi wachikasu, wa minga pakhosi, akuti kwawo ndi ku Australia. Dzina lake Bisiketi. Ndinavomera kumugulira chifukwa chimutengereni kwa inu zaka zitatu zapitazo, ichi ndicho chinthu choyamba chimene anandipempha. Mukudziwa mmene tilili ine ndi Etta. Ndinamusiya m'manja mwanu akukwawa, ndinadzamutenga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Timakhala ngati anthu awiri odikira basi imodzi, ulemu wokhawokha. Ndikamuyankhula Chichewa amandiyankha Chingelezi, mawu awiri basi. Koma gulo amamufotokozera zonse za kusukulu.

Mwezi wathawu Etta anapita ku kampu ya achinyamata a kutchalitchi sabata yathunthu. Anandisiyira malamulo pachitseko cha filiji: masamba m'mawa, nkhululu za m'sitolo masana, ndipo m'munsi analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndisamupatse kanthu kalikonse kogwira panja. Ine mumtima n'kuti, mwana wadzulodzuloyu andiphunzitse ine zimene gulo amadya? Nkhululu zakezo mukanaziona, zoonda, zotuwa, zokulira m'kabokosi kapulasitiki, zosadziwa ndi udzu womwe.

Tsiku lina ndikuchokera ku shifiti yam'mawa ndinadutsa m'paki. Dzuwa linali litaumitsa udzu, ndipo ziwala zinkangodumpha m'miyendo mwanga. Manja anakumbuka okha. Mayi wamkulu ine, yunifolomu yakuntchito ili m'thupi, kumawerama m'udzu, anthu oyenda ndi agalu awo akundicheukira. Ndinagwira theka la botolo. Kunyumba ndinazithothola miyendo yakumbuyo ndi mapiko, monga timachitira kwathu kuti zisathawe, zothotholazo n'kubwezera m'botolo momwemo kuti ndikataye. Abale inu, mmene Bisiketi anadyera! Tsiku limenelo ndi limene ndinamugwira koyamba, ine amene ndinkalambalala bokosi lakelo. Ndinatero masiku anayi, ndikudzitama mumtima. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Etta atabwerako, sipanapite nthawi, Bisiketi anasiya kudya. Anayamba kutsegula m'mimba, zamadzimadzi, fungo loti ngakhale ine wosintha matewera a okalamba tsiku ndi tsiku ndinathamangira kutsegula mawindo. Masamba ena ankatuluka osagayika, mmene analowera. Mchira unaonda, maso analowa m'kati. Ndinatulutsa mapiritsi a njoka zam'mimba aja munanditumizira kuti ndimubenthulire pang'ono, koma Etta anakuwa ngati ndatenga mpeni. Ndinawabwezera m'kabati.

Kwa dokotala wa ziweto anatiuza pa foni kuti tibwere ndi chimbudzi chake cha tsiku lomwelo. Ndiye ine ndi Etta tinakwera sitima mpaka ku Greenwich ndi chimbudzi cha gulo m'kabotolo, m'chikwama, pambali pa buku la nyimbo. Njira yonse ndinkadzifunsa kuti kodi ku Mangalande kuno ndinadzera zimenezi?

Dokotalayo, mtsikana wodekha, anayang'ana pamakina ake n'kutiitana kuti tione. Ine ndinangoona timadontho ngati chitowe. Akuti amenewo ndi mazira a njoka zam'mimba, ochuluka kwambiri. Kenaka anafunsa kuti, "Kodi anadyapo tizilombo togwira panja? Timeneti timatha kubwera ndi matenda otere."

Ndinangoyang'anitsitsa chithunzi cha mphaka chimene chinali pakhoma. Etta ndi amene anayankha.

"Ayi. Wolakwa ndine. Sindinkatsuka bokosi lake bwinobwino."

Mwana anasenza mlandu wanga ine ndili pomwepo, chikwama pamiyendo. Dokotala anati zimenezonso n'zotheka, abuluzi ambiri amakhala nazo pang'ono m'mimba, zimangochuluka pakakhala uve kapena thupi likafooka, ndipo palibe angalumbire kumene zachokera. Mawu amenewo ndinawalandira ndi manja awiri. M'mawa ndinkadzuka ndikuti si ine. Pofika masana ndinkati ndine. Mpaka lero sindikudziwa.

Anatipatsa mankhwala amadzi omwetsa ndi jekeseni wopanda singano. Tinachotsa mchenga wonse m'bokosi n'kuyalamo mapepala oti tizisintha tsiku lililonse. Etta ankatsuka galasi lija mpaka zala kuyera. Pomwetsa pamafunika anthu awiri, ndiye ine ndimagwira gulo, iye n'kumadonthezera m'kamwa. Masiku khumi tinkagundana mitu pamwamba pa kanyamako, ine bodza lili pakhosi.

Lachitatu lapitali ndinalephera kupirira. Ndinati, "Etta mwanangu, pali zoti ndikuuze."

Sanandiyang'ane. Anamaliza kumwetsa, anabwezera gulo pansi pa getsi lake, n'kulowa kuchipinda. Anatulukako ndi botolo lija. Ine ndinkayesa ndinataya, osadziwa kuti ndinaliiwala pansi pa sinki. M'kati munali miyendo ndi mapiko, zitauma gwa.

"Ndinalipeza tsiku lomwe ndinabwera ku kampu," anatero. Ananena m'Chichewa, achemwali, chenicheni cha ku Balaka chimene ndinkati anaiwala. "Umu ndi mmene amayi aakulu ankathotholera. Kuno palibe wina angatero."

"Nanga kwa dokotala unanamiranji?"

"Mukanachita manyazi, mukanasiya kumugwira. Ndiye ndikanatsala naye ndekha ngati kale."

Ndinakhala pansi penipeni, pakapeti. Sindinadziwe ngati ndimukalipire chifukwa cha bodza, ndimupepese, kapena ndimuthokoze. Ndinachita zonse zitatu nthawi imodzi, mamina ali chuchuchu. Kodi wamkulu ndani m'nyumba muno? Musaganize kuti zatha bwino ayi. Anandiuza maso ali gwa kuti wakwiya, kuti analemba ndi zilembo zikuluzikulu ine osamvera, ndipo kuti Bisiketi akafa sakudziwa kuti adzandiona bwanji. Atatero anandipatsa jekeseni kuti ndikatsuke, n'kunena kuti mawa wodonthezera mankhwala ndine.

Lero m'mawa Bisiketi wadya nkhululu ziwiri, zoonda zomwe zija. Chimbudzi chikayezedwanso mwezi wamawa. Ine amene ndinkagenda agulo, tsopano ndikafika pakhomo ndimayamba ndasuzumira m'bokosi ndisanavule nsapato.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, mumupempherere gulo ameneyu, ndikunena zoona. Kwa amayi anzanu akutchalitchi musatchule kuti ndi gulo, mungoti kwa Bessie kuli matenda. Chachiwiri, mundilembere za Etta. Ankaopa chiyani, ankaseka ndi chiyani, akakwiya munkamutani? Pa foni ndinkangofunsa ngati nsapato zikumukwana. Yambani ndi tsiku limene munamuphunzitsa kugwira ziwala, ndipo musadumphe kanthu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Etta akuti moni kwa amayi aakulu. Ndamufunsa ngati ali ndi mawu ena oti ndilembe, wati ndikuuzeni kuti amayi ake amagwira ziwala kuposa inu.

Ndine mng'ono wanu,
Bessie