Nyimbo Ija Ndi Yanga

Mng'ono wanga Lufeyo,

Ndikhulupirira uli bwino ku Ulayako. Kuno ku Utale tilipo, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Loweruka lapitali ndinaimba paukwati nyimbo yatsopano, yomwe ndinaipeka ndikupalira chimanga. Anthu anavina mpaka fumbi koboo. Nditamaliza, amayi anaimirira n'kulengeza kuti, "Imeneyi watumiza ndi mwana wanga uja akuphunzira digiri ya kupeka nyimboyu." Nthungululu zonse zinapita kwa iwe. Ine anangondiyamikira kuti ndaloweza bwino.

Kodi anakuphunzitsa kukunga waya wa mabuleki pabanjo ya chigubu si ine? Lero iwe uli kuyunivesite, ine kumunda.

Unditumizireko mawaya a gitala. Koma choyamba uwalembere amayi kuti nyimbo ija ndi yanga. Ndikanena ine, akuti ndi nsanje.

Mulungu akusunge.

Ndine mkulu wako,
Dominiko