Nthiti za Kavalo Wofiira

Amayi, kwacha bwanji kumene muliko?

Kuno ku Kalingalinga kwacha ndi mphepo ya Julaye. Malata akhala akulira chiyambire mbandakucha, ndipo kumpopi zidebe zimangogundana, madzi osabwera. Akazi a amalume a Yona abereka mwana wamwamuna. Chimanga chanu cha kuseri kwa nyumba chinapsa ndi dzuwa, sitinakololepo kanthu.

Chikuikireni m'manda, ufa ukusowa m'masitolo. Atate, poona kuti kamlongo kanga Tisa kakugona ndi njala, anayamba kutapa gaga wa akavalo a adona aja kumene amagwira ntchito, pang'onopang'ono, m'thumba la jekete. Phala lathu lakhala limenelo. Amene ankamumana chakudya ndi kavalo wofiira uja, chifukwa ndi wofatsa, samenya chitseko akamva njala.

Loweruka lililonse ndimakawathandiza Atate kukhola. Anandiphunzitsa okha kuti kunenepa kwa kavalo amayeza ndi dzanja, osati maso. Umayendetsa chikhatho m'nthiti, zizimveka pansi pa kamnofu koma zisaoneke. Kenaka umakanikiza pakhosi ndi patsinde pa mchira, pazikhala pofewa. Sabata yatha ndinamuyeza wofiirayo. Zala zanga zinkagwera pakati pa nthiti ngati m'mizere ya lata, fupa la msana lili poyera.

Dzulo adona amabwera kuchokera kutchuthi. Atate anamunyambititsa mchere kavaloyo, namumwetsa madzi ambiri, namudzaza udzu kuti mimba itukuke. Ndinadziwa kuti sizithandiza, koma ndinangowagwirira kavaloyo. Paja munkati mwana sawongola bambo ake pali anthu. Adona mimbayo sanaiyang'ane n'komwe. Anaika dzanja panthiti, nakanikiza pamchira, kenaka anayang'anitsitsa thumba la jekete la Atate, loyera ndi fumbi la gaga.

Titafika kunyumba ndinamusambitsa Tisa, ndipo dzanja langa linayeza lokha. Mimba ndi yaikulu, Amayi, koma nthiti ndinaziwerenga zonse.

M'mawa uno Atate anaitanidwa ndi amuna a adona, ndipo amalume anawaperekeza. Anapeza apolisi ali kale pageti. Masana ano amalume abwera okha, atanyamula nsapato ndi lamba wa Atate.

Ndimakukondani. Tisa azidya tsiku lililonse, ndakulonjezani, ngakhale sukulu yanga ithere pomwepa.

Ine mwana wanu,
Limbikani