Magolovesi Sagwira Tsitsi

Lolemba, 3 Marichi

Sabata yachitatu osapita ku saluni. Khungu la m'manja likufundukabe, mamba oyera, pansi pake pofiira. Adokotala anati si matenda opatsirana, koma kasitomala samva za adokotala. Wina anangoyang'ana zala zanga n'kuti, "Andiluke wina." Mwini saluni anandigulira magolovesi, mwaulemu ndithu. Koma tsitsi limaterereka m'magolovesi, mizere imatuluka yokhota. Ndinavula n'kubwerera kunyumba.

Lero mwini saluni atumiza uthenga. Andidikira mpaka Loweruka, kenako mpando wanga apatsa wina. Sindikuwanena.

Lachiwiri, 4 Marichi

Sindinasambe, makatani sindinatsegule. Achemwali abwera ndi chakudya, ndanamizira tulo. Asiya mbale pakhomo osakalipa.

Lachitatu, 5 Marichi

Achemwali andikokera kuchipatala ngati mbuzi yopita kumsika. Namwino wake, wamfupi wa magalasi, anayang'ana manja n'kundipatsa mafuta odzola. Kenako anatseka buku. "Nanga inuyo muli bwanji?" Ndinati ndili bwino, kaya inu. Anaseka. "Moni tapatsana kale. Ndikufunsa ngati mukugona, ngati mukudya, ngati mumalira."

Ndinalira mpaka mamina. Chaka chonse anthu akhala akufunsa za khungu, za mwini khungu ayi. Akuti nkhawa imakolezera matendawa, matendawo n'kukolezeranso nkhawa. Wandilembera kuti ndikaonane ndi mlangizi Lachisanu. Mulungu amudalitse mayi ameneyu, ngakhale dzina sindinamufunse.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndatsegula makatani. Fumbi lake, ndachita manyazi ndekha.

Lachisanu, 7 Marichi

Mlangizi ndi bambo wofatsa, samuthamangitsa munthu polankhula. Ndamuuza zomwe sindinauzepo aliyense, zoti masiku ena ndinkalakalaka kusadzuka. Sanadzidzimuke. Tagwirizana kuti maganizowo akabwera ndiziimbira achemwali, ndipo ndibwerenso sabata yamawa.

Masana achemwali anadzakhala pansi, pakati pa miyendo yanga. "Mutu wanga wasanduka chisa, chonsecho mng'ono wanga ali ndi manja." Nditafuna magolovesi, anawakhalira. "Tinkasamba beseni limodzi, lero ndikuope?"

Mizere isanu ndi itatu, yowongoka bwino. Zala zinathetheka pang'ono koma ndinali nditaiwala kukoma kwa tsitsi m'zala. Mkulu wanga ameneyu sindidziwa ndidzamuthokoza bwanji.

Loweruka, 8 Marichi

Ndinafika saluni isanatsegulidwe. Mwini saluni anandilandira bwino, n'kutulutsa magolovesi atsopano. Ndinati, "Mayi, ndi amenewa sindingaluke. Ngati n'kundichotsa, ndichotseni." Anangoti tione.

Makasitomala awiri oyamba anasankha anzanga. Ndinakhala ndikupukuta zipeso zoyera kale.

Cha m'ma leveni analowa mayi wogulitsa nsalu, kasitomala wanga wakale. Ndisanamugwire ndinamuonetsa manja onse, kuseri ndi m'kati. Ndinamuuza kuti sizipatsirana, koma akafuna wina sindikhumudwa. Anayang'anitsitsa.

"Zimawawa?"

"Nthawi zina."

"Ndiye musakoke kwambiri, tisavutike tonse."

Anavula mpango n'kukhala pampando wanga. Ndili pa mzere wachitatu, mwini saluni anadutsa ndi tsache, osandiyang'ana n'komwe.

"Lolemba usachedwe," anatero.